Mfuti, Dzimbiri ndi Utoto Wopsera mu Uvuni

Ku Durban chitsulo sichichedwa kudwala. Mphepo yochokera kunyanja imabwera itasenza mchere, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi chimachuluka moti malaya oyanika m'mawa amatha kufika madzulo asanaumitsitse. Mageti, malata, maloko, kunsi kwa magalimoto, zonse zimafiira mwini wake akuona. Mfuti nazo sizipulumuka, makamaka za mtundu wa shotgun, zija zowaza tizipolopolo ta mtovu tambirimbiri nthawi imodzi, chifukwa ndizo zimagwira ntchito ya kalavula gaga: kupirikitsa apusi ndi nguluwe m'minda ya nzimbe, kuombera nkhanga ndi abakha, kuchezera panja ndi alonda. Mfuti ya nyama zikuluzikulu imatuluka m'sefa nyengo yosaka yokha. Shotgun imayenda pa galimoto ya bakkie chaka chonse, padzuwa ndi pamvula.

Ine kwathu ndi ku Zomba, kufupi ndi doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa. Kupopera penti ndinaphunzirira pa magalimoto ogundidwa ku Ndirande, ndipo ndi luso limeneli linandibweretsa kuno. Masiku ano ndimapopera zitsulo za mfuti pa shopu ya mmisiri wina amene ali ndi chiphaso cha boma chokonzera mfuti. Lamulo la kuno, la Firearms Control Act la m'chaka cha 2000, silisekerera munthu: mfuti ikangolowa pakhomo, abwana amailemba m'kaundula, nambala yake ndi chiphaso cha mwini wake, kenako n'kuimasula okha. Kwa ine kumafika zitsulo zomasulamasula m'beseni. Choncho musandiyese katswiri woombera. Chomwe ndimadziwa ine ndi khungu la chitsulo.

Ambiri amayesa kuti kuda kwa mfuti ndi penti. Si penti ayi, ndi dzimbiri, kungoti la mtundu wina. Dzimbiri lofiira lomwe tonse timalidziwa limafufuma n'kumayoyoka, ndipo likayoyoka chinyezi chimapeza chitsulo chatsopano pansi pake n'kupitiriza kudya. Koma pali dzimbiri lakuda lomwe limamatirira pa chitsulo osafufuma, ndipo kufakitale amalipanga dala. Amaviika zitsulo m'madzi a caustic soda osakaniza ndi mchere wa nitrate, owira pa madigiri pafupifupi 140, mpaka zitada bii. Ntchitoyi amaitcha bluing, ndipo kukongola kwake palibe angatsutse. Vuto ndi loti khungu lakudalo n'lopyapyala zedi, moti palokha silitchinga madzi kwenikweni. Mphamvu yake ili m'kusunga mafuta. Mafuta akauma, thukuta la m'manja, lomwe lili ndi mchere, limayamba ntchito tsiku lomwelo. Magazi a nkhanga akadonthera pa mpaipi n'kugona pomwepo, m'mawa mupeza banga.

Asilikali nawo anatopa ndi vutoli, poti kunkhondo kulibe mpata wopukuta mfuti madzulo aliwonse. Mu 1906 mkulu wina wa ku England, Thomas Watts Coslett, analembetsa njira yophikira chitsulo m'mankhwala a phosphate kuti chimere khungu lotuwa, lokhakhala, lomwa mafuta ambiri. Banja la Parker linaikulitsa njirayi ku Detroit kuyambira 1915, n'chifukwa chake mpaka lero amati Parkerizing, ndipo mfuti mamiliyoni za asilikali a ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zinatuluka ndi khungu limeneli. Angerezi anaonjezera nzeru ina: pamwamba pa phosphate ankapakapo penti wakuda, ndipo mfuti zawo zambiri za .303 zopangidwa m'zaka zotsiriza ndi zotero. Kupenta mfuti sikunayambe dzulo.

Chatsopano ndi utoto wake. Umene watchuka kwambiri ndi Cerakote, wopangidwa ndi kampani ya NIC Industries ya ku White City, m'chigawo cha Oregon ku America, yomwe inayamba mu 1984. Umabwera m'mabotolo awiri, lalikulu la utoto ndi laling'ono la mankhwala olimbitsira. Mu utotomo muli fumbi losalala kwambiri la ceramic, mtundu wa zinthu zomwe amapangira mbali yoyera ija ya pulagi ya galimoto. Ukapsa mu uvuni umauma gwa, ndipo petulo, thina, mafuta otsukira mfuti, zonse zimaulephera. Chomwe chinandidabwitsa ine, munthu wozolowera kusanjikiza penti pa galimoto, ndi kupyapyala kwake. Ntchito yabwino siipyola gawo limodzi mwa magawo 40 a milimita, kuchepera tsitsi la munthu. Pa mfuti zimenezi n'zofunika, chifukwa zitsulo zake zimalowana mothinana, ndipo penti wokhuthala angatseke njira yoti ziziyenda.

Pa ma shotgun, omwe anaugwiritsa kwambiri utotowu ndi alenje a abakha a ku America, anthu oswera m'madambo a ku Louisiana, m'madzi amchere a ku Chesapeake Bay ndi m'minda ya mpunga ya ku Arkansas, mfuti ili m'matope pansi pa bwato. Lero makampani ena, monga Browning, amagulitsa mfuti za abakha zitapakidwa kale utotowu. Ubwino wina ndi woti susankha. Mfuti ngati Mossberg 500 ili ndi bokosi la makina la aluminiyamu, ndipo aluminiyamu salola bluing, pomwe utoto uwu umagwira pa chitsulo, pa aluminiyamu ndi pa pulasitiki yomwe, mfuti yonse n'kukhala ya mtundu umodzi.

Mnzanga wina wa ku Mangochi, yemwe amalondera pa depoti ina kuno, tsiku lina anamvetsera zonsezi n'kupukusa mutu.

"Achimwene, mwazungulira kwambiri. Ameneyutu ndi penti wodula basi."

"Penti yemweyo," ndinamuyankha. "Koma ndalama yomwe amalipira eni mfuti si ya penti. Ndi ya kutsuka."

Sindinkanena nthabwala. Kupopera kumatenga mphindi zochepa, ntchito yonse yotsalayo ndi kukonza chitsulo kuti utoto upeze pogwira. Ndikuonetseni pa mfuti imodzi.

Inabwera ndi mlimi wa nzimbe wa kutsidya kwa mtsinje wa Tugela. Inali Remington 870 ya 12-bore, yopopa ndi dzanja, mtundu womwe unayamba kupangidwa mu 1950 ndipo pofika 2009 zinali zitatuluka 10 miliyoni. Mfutiyo inalibe mlandu, wolakwa anali mwini wake. Mvula itamupeza kumunda, anaibweza m'chikwama chake cha siponji ikadali yonyowa, n'kutseka zipi, n'kuiiwala nyengo yonse yodula nzimbe. Siponji imamwa madzi ndipo siiwabweza msanga. Mbali yomwe inagonera pansi inali mathothomathotho ofiira kuyambira kukamwa kwa mpaipi mpaka kuthendere. Pa bokosi la makina, pomwe dzanja limagwira ponyamula, panali zala zinayi za dzimbiri zondondozana, mizere ya khungu la chala ikuoneka bwinobwino. Pansi pa kanjanji kaja koyenda pamwamba pa mpaipi, komwe diso limatsata polunjika, dzimbiri linali litamanga m'timipata tonse momwe nsalu siifika.

Abwana asanavomere ntchito amayamba asuzumira mkati mwa mpaipi, atauloza kuwindo, kenako amayeza kukhuthala kwa khoma lake. Mpaipi wa 12-bore ndi wotakasuka, pafupifupi mamilimita 18.5, koma khoma lake n'lopyapyala, pa mfuti zina silikwana ngakhale milimita imodzi chakutsogolo. Dzimbiri likakumba maenje akuya pa khoma lotero, nkhani ya utoto yathera pomwepo, chifukwa mpaipi wotero ungaphulikire m'manja mwa munthu. Wa mlimiyu unapulumuka, dzimbiri linali la pamwamba. Anaimasula yonse, osasiya ngakhale kasipuling'i kamodzi, thendere ndi chogwirira cha kutsogolo anaziika padera, zitsulo n'kubwera kwa ine.

Choyamba ndi kuzimiza mu acetone, mankhwala a fungo lija la ochotsera utoto wa m'zikhadabo, kwa theka la ola. Amasungunula mafuta ndi girizi, komanso amayaka ndi kamoto kakang'ono, ndiye wosuta fodya sayandikira. Kuchokera pamenepa chitsulo sichikhudzidwanso ndi dzanja lamaliseche. Ndimavala magolovesi, ndipo chitsulo chilichonse ndimachikoleka pa waya. Kenako ndimatseka malo omwe safuna mchenga kapena utoto: kukamwa kwa mpaipi ndi kumbuyo kolowera katiriji ndimatsekera ndi tizitsekerero ta rabala yosapsa, mazinga omangira choke (kachitsulo kopanikiza kukamwa kwa mpaipi) ndi malo omwe makina amalumana potseka mfuti ndimamata tepi yopirira moto.

Ndiye pamabwera kukwecha ndi mchenga wothamangitsidwa ndi mpweya, komwe kuno timangoti sandblasting. Zimachitikira m'bokosi lotseka la windo la galasi, manja ali m'magolovesi aatali. Mchenga wake si wa kumtsinje, ndi wa aluminium oxide wa nambala 100 kapena 120, ndipo mpweya wake umakhala pa 80 mpaka 100 psi, pafupifupi katatu kuposa wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Ukamayendetsa mpopi umaona kuda ndi kufiira zikuchoka limodzi, chitsulo n'kutsala chotuwa mbuu, chosawala. Kutuwako ndi timano tosaoneka ndi maso tomwe utoto umadzalumapo. Ena amagwiritsa timikanda ta galasi poti n'tomwe ali nato. Timeneto timasalaza chitsulo m'malo mochikanda, ndipo utoto wopopera pamenepo umadzasupuka m'makona mwezi usanathe. Pa nambala ya mfuti ndimadutsa mopepuka, mpopi uli patali. Kufufuta nambala ya mfuti ndi mlandu, ngakhale utanena kuti sunachitire dala.

Za mchenga wa kumtsinje ndinenepo pang'ono, poti ndaona anyamata m'magalaja akukwechera mawilo ndi mchenga wosefa, kansalu kokha kali kumphuno. Mchenga wotero ukasweka umatulutsa fumbi la silica, ndipo fumbi limeneli likalowa m'mapapo silitulukanso. Ndi matenda omwewo a silicosis amene anabwerera nawo agogo athu ambiri a ku Theba kuchokera m'migodi ya golide. Palibe wilo kapena mfuti yoyenera mapapo a munthu.

Chitsulo chokwechedwa chili maliseche, ndipo mu mpweya wa Durban sungachisiye kuti chigone. Chimapita mu uvuni nthawi yomweyo, chopanda utoto, pa madigiri 150 kwa ola limodzi. Apa ndi pomwe amalumpha anthu othamangira ndalama, koma ndi pomwe pagona ntchito yonse. Mfuti ya zaka makumi awiri yamwa mafuta ambiri m'malo olumikizira, m'mabowo a masikuluwu ndi pansi pa kanjanji kaja. Zili ngati mtondo wosinjira mtedza: muutsuke ndi sopo mmene mungathere, mukauika padzuwa mafuta amatulukabe. Zitsulo za mlimiyu zitatuluka mu uvuni, pomwe mpaipi wosungira makatiriji umalumikizana ndi bokosi la makina panali mkombero wakuda wonyowa, ndipo m'munsi mwa timiyendo ta kanjanji munali timadontho. Zinabwerera mu acetone, kenako mu mchenga, kenako mu uvuni, mpaka zinatuluka zouma mbuu paliponse. Ukapopera pamwamba pa dontho limodzi lotero, utoto umathawa malowo n'kusiya kadiso, kapena umagwira mwachinyengo n'kudzasupuka mfuti ili kale kwa mwini wake.

Zikatero mpamene timatsegula botolo. Limafuna kukhutchumula kwa nthawi ndithu chifukwa fumbi la ceramic limakhazikika pansi. Muyezo wozolowereka ndi magawo 18 a utoto pa gawo limodzi la mankhwala olimbitsira. Ukachulutsa mankhwalawo utoto umatuluka wowala, ukachepetsa umatuluka wosawala, ndipo alenje amafuna wosawala chifukwa bakha ali m'mwamba amaona kung'anima kwa mpaipi patali. Tikasakaniza timasefa pa kasefa kosalala kwambiri, ndipo zomwe wasakaniza uyenera kuzimaliza m'maola ochepa. Mdani wina ali mu kompuresa. Mpweya wa kuno uli ndi madzi, ndipo madziwo amadikha mu thanki, choncho m'mawa uliwonse ndimayamba ndatsegula kampopi ka pansi kuti atuluke. Dontho limodzi likadutsa mu payipi n'kugwera pa utoto wauwisi, ntchito yabwerera pa acetone.

Popopera, chopopera penti chimakhala patali ngati kutalika kwa chikhatho. Ndimayamba malo ovuta, m'makona, m'mabowo, pansi pa kanjanji, kenako malo otambalala, dzanja likuyenda osaima. Chizindikiro choti zakwana n'choti chitsulo chioneke chonyowa pang'ono basi. Mtima wa wopenta galimoto umati onjezera kamodzi kuti zikhute, ndipo mtima umenewo ndi wofunika kuukana. Utoto ukayenderera usanapse, umatsukika ndi acetone n'kuyambiranso. Ukapsa uli choncho, palibe sandipepa kapena mankhwala ouchotsa bwino, ubwerera ku mchenga. Zitsulo zimapuma pa waya kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, kenako mu uvuni, madigiri 120 kwa maola awiri, kapena 150 kwa ola limodzi. Za pulasitiki zimapsera padera pa moto wochepa, madigiri 65 mpaka 80. Uvuni wake ndi wa ntchito yomweyi, si wophikira masikono, poti utsi wake suyenera kukumana ndi chakudya.

Mlimi uja anasankha mtundu wobiriwira motuwa womwe amautcha OD Green. Ena amafuna Burnt Bronze, ena Flat Dark Earth wa mtundu wa dothi, ndipo aliponso obwera ndi zithunzi za pa foni, mfuti ya mizeremizere ngati mbidzi kapena ya mitundu ya timu yawo ya rugby. Timapanga, ndalama ndi yawo, koma ine mfuti yooneka ngati chidole siindisangalatsa, makamaka pa nyumba pomwe pali ana. Abwana anaimanganso, timisomali tonse tinalowa popanda kukhomera ndi hamala, chizindikiro choti utoto sunakhuthale. Anaipopa ndi makatiriji abodza, kenako anakaiyesa koombera, n'kuitulutsa m'kaundula.

Tsopano zomwe otsatsa malonda sakonda kunena. Utoto uwu subisa chilema. Poti ndi wopyapyala, dzenje lililonse lomwe dzimbiri linakumba limaonekabe, kungoti tsopano ndi dzenje lobiriwira. Zala zinayi zija zinachoka, koma chakukamwa kwa mpaipi timaenje tinatsala, ndipo mwini wake tinamuuziratu. Chachiwiri, mkati mwa mpaipi simulowa utoto. Mfuti zambiri za ku Italy ndi ku Russia zimabwera ndi chrome mkati, koma zina ndi chitsulo chamaliseche, ndipo utsi wa onga ndi zotsalira za pulasitiki ya katiriji zimasunga chinyezi mmenemo. Ndaonapo mfuti zokongola kunja, mwini wake atasiya kutsuka poganiza kuti anagula mtendere wamuyaya, mkati muli mofiira psuu. Chachitatu, pomwe chitsulo chimakhulana ndi chinzake, monga pomwe chogwirira chopopera chimayenda, utoto umaperepeseka ndithu pakapita nthawi. Waya wa mpanda akaukanda mpaka kufika pa chitsulo, mzere umenewo uchita dzimbiri ngati kale.

Opanga utoto amakonda kuonetsa mayeso a nkhungu ya mchere, otchedwa ASTM B117, pomwe zitsulo zimaikidwa m'bokosi lofuka madzi a mchere wa 5 peresenti pa madigiri 35. N'zoona kuti chitsulo cha bluing chimafiira msanga mmenemo, chopakidwa ceramic chikadali bwino patapita masiku ambiri. Koma chitsulo cha m'bokosi sichigwa pa bakkie, sichikhulana ndi mwala, ndipo anachikonza ndi anthu osathamangira kuweruka.

Pali mfuti zina zomwe abwana amakana, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Kuno kukadali mfuti zambiri zakale za mipaipi iwiri zochokera ku London ndi ku Birmingham, za mayina ngati Holland & Holland, Westley Richards ndi W.W. Greener, komanso za AyA za ku Eibar ku Spain. Mdzukulu amalandira mfuti ya agogo ake, amaona yatuwa, n'kubwera nayo kuti tiipake zamakono. Mfuti zoterezi zili ndi maluwa ozokotedwa ndi dzanja pa bokosi la makina, mitundu ya buluu ndi yofiirira yomwe inabwera ndi moto poumitsa chitsulo, ndi tizidindo ta nyumba zoyesera mfuti, monga ya ku Birmingham yomwe inakhazikitsidwa mu 1813. Mchenga umadya zonsezi m'mphindi imodzi ndipo sizibwereranso. Mtengo wa mfutiyo umagwa tsiku lomwelo. Komanso mipaipi iwiriyo ndi tinjanji take anazimata ndi mtovu wosakaniza ndi tini, womwe umasungunuka pa madigiri 183. Uvuni wathu sufika pamenepo, koma pa mfuti ya zaka 100 yomwe mtovu wake unayamba kale kulekana, palibe wofuna kuyesa mwayi. Ngakhale bluing ya caustic soda siiloledwa pa mfuti zotere chifukwa imadya mtovuwo.

Mankhwala ake ndi njira yakale ya pang'onopang'ono. Mmisiri amapaka mpaipi mankhwala oyambitsa dzimbiri, n'kuupachika pamalo a chinyezi mpaka utafiira. Kenako amauwiritsa m'madzi oyera, ndipo dzimbiri lofiira lija limasanduka lakuda. Amapukuta fumbi la pamwamba ndi ubweya wa chitsulo wosalala, n'kupakanso mankhwala, n'kudikiranso, kubwerezabwereza mpaka mpaipi utada mokwanira. Zimatenga masiku, ndipo iyi ndi ntchito imodzi yomwe chinyezi cha Durban chimatithandiza. Khungu lake limakhalitsa kuposa la kufakitale, ndipo mfuti ya agogo imaonekabe ya agogo.

Ogula mfuti yakale achenjerenso. Utoto watsopano pa mfuti yogulitsa uzikupatsani mafunso. Subisa maenje, koma umabisa pomwe anawotcherera, pomwe anapala kwambiri kuti dzimbiri lichoke khoma n'kupyapyala, ndi msinkhu weniweni wa mfutiyo. Suzumirani mu mpaipi, chotsani chogwirira cha kutsogolo muone kunsi kwake, ndipo nambala ya pa chitsulo ifanane ndi ya pa chiphaso chilembo ndi chilembo.

Nanga wofuna kudzipangira yekha? Ulipo utoto wouma ndi mphepo wosafuna uvuni. DuraCoat, wa kampani ya Lauer Custom Weaponry ya ku Wisconsin, ndi wotero, amausakaniza magawo 12 pa limodzi, ndipo ngakhale umagwirika m'mawa mwake, umatenga milungu itatu kapena inayi kuti ulimbe kwenikweni. Cerakote nayo ili ndi mtundu wake wouma wokha m'masiku asanu. Munthu wodekha, wodziwa kumasula mfuti yake n'kuibwezera bwino, atha kupeza zotsatira zabwino, koma kutsuka ndi kukwecha kuja sikuchotsedwa pa ndandanda. Penti wa m'chitini wa ku hardware yekha ndiye ayi. Amakongola sabata imodzi, kenako mafuta otsukira mfuti amamufewetsa, amamata m'manja, ndipo chinyezi chikalowa pansi pake dzimbiri limadya mobisala, zomwe n'zoipa kuposa mfuti yosapenta.

Palinso nkhani ya masamu. Pa mfuti ya mpaipi umodzi yotsika mtengo, monga Baikal ya ku Izhevsk yomwe ili mbwee m'mafamu, ndalama ya ntchito yonseyi imatha kuyandikira mtengo wa mfuti yeniyeniyo. Mwini wake ndimamuuza mosabisa kuti akagule kabotolo ka oyilo. Utoto wa ceramic umapindulira mfuti yantchito, yolimba mkati, yomwe imanyowa kawirikawiri ndipo mwini wake akufuna kukhala nayo zaka zina makumi awiri. Pa mfuti yotero ndi ndalama yogwiritsa bwino.

Kwathu nakonso dzimbiri silisowa chakudya. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amcherechere, ndipo alenje a mbalame a kumeneko amayenda ndi mfuti m'mabwato momwe pansi simuuma. Ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chimanyowetsa chilichonse mu Juni ndi Julayi, kuphatikizapo ma Greener akale omwe alonda ena amanyamula. Mfuti zimenezi zambiri zatha zaka makumimakumi popanda utoto wa ku Oregon, ndipo zomwe zafika lero zili bwino ndi zomwe zinapeza mwini wosatopa ndi kansalu. Kachitidwe kake n'kosavuta. Yambani mwatsegula mfuti n'kuona ndi maso kuti mulibe katiriji. Ikanyowa ipukuteni, muisiye iume pamalo opita mphepo, kenako muidzoze mafuta pang'ono, osati mpaka kudontha. Oyilo wa makina osokera amagwira ntchito. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kusanduka ulimbo m'makina. Mkati mwa mpaipi dutsitsanimo kansalu komangirira ku chingwe tsiku lililonse lomwe mwaombera. Chikwama ndi cha paulendo, si chogonamo mfuti, ndipo pomaliza kupukuta igwireni pa thendere poibweza pamalo pake potsekedwa, kuti zala zisatsale pa chitsulo.

Amene mwakopeka ndi utotowu, kumbukirani kuti mfuti si njinga yoti mungaisiye kwa wowotcherera wa pamsika. Ku Malawi lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti mfuti iliyonse ikhale yolembetsedwa ndipo mwini wake akhale ndi chiphaso, ndipo kuwoloka nayo malire kumafuna zilolezo za mayiko onse awiri. Musanaipereke m'manja mwa wina aliyense kuti aikonze, kafunseni kaye ku polisi komwe munailembetsa. Ndipo mukapeza mmisiri wovomerezeka, musayambe kufunsa za mitundu ya utoto. Mufunseni kuti amakwecha ndi mchenga wanji, ndiponso ngati amawotcha zitsulo asanapopere. Akayamba kukanda m'mutu, nyamulani mfuti yanu muzipita.